Makampani a foni angapeze bwanji ndalama poika maseva kuno ku Mzuzu?

Pa misonkhano ikuluikulu ya makampani a foni, kaya ku Barcelona kaya ku Cape Town, sipalephera munthu woimirira n'kunena kuti edge computing ndiyo idzabweze ndalama zomwe makampaniwa akuthira pomanga netiweki. Nkhaniyi inayamba kale ndithu, poti bungwe la ETSI ku Ulaya linayamba kulemba ndondomeko za luso limeneli mu 2014. Ganizo lake ndi losavuta. M'malo moti chilichonse chomwe foni yanu yapempha chizikatengedwa ku makompyuta akuluakulu a ku Johannesburg kapena ku London, kampani ya foni iziika makompyuta oterowo, omwe amatchedwa maseva, pafupi nanu, m'tawuni mwanu momwemo, mwinanso pabwalo la fakitale yanu. Zili ngati kampani ya shuga kutsegula depoti ku Luwinga kuti wagolosale wa ku Chibavi asamakaode ku Limbe.

Koma maseva amadya magetsi usana ndi usiku, amafuna mlonda, amafuna katswiri wowasamalira, ndipo amagulidwa ndi madola. Munthu wa ku TNM, ku Airtel, ku MTL, ku Open Connect kapena ku nthambi ya faiba ya ESCOM amene angafune kuwaika mumzinda uno, womwe kalembera wa 2018 anaupeza ndi anthu 221,272, ayenera kuyamba wayankha funso limodzi: adzalipira ndani, ndipo adzakhala akulipirira chiyani? Njira zilipo zingapo, koma sizifanana kulemera kwake, ndipo yomwe imatchulidwa kwambiri m'misonkhano ndi yomwe ine ndingaiike kumapeto.

Liwiro lokha silingagulitse kuno

Tiyambe ndi masamu. M'chingwe cha faiba, kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi. Choncho makilomita 100 aliwonse amawonjezera milisekondi imodzi (gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi) pa ulendo wopita ndi kubwera. Kuchoka ku Mzuzu kukafika ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 350, chingwecho chimadya mamilisekondi osafika 5, ndipo ku Blantyre osafika 10. Pomwe foni ya 4G, pongolankhulana ndi nsanja ndi zipangizo za kumbuyo kwake, imataya mamilisekondi makumi angapo. Kusamutsa seva kuchoka ku Lilongwe kubwera nayo ku Mzuzu kumapulumutsa kanthawi komwe palibe munthu wogwira foni angakazindikire. Kusiyana komveka kuli pakati pa seva ya m'dziko muno ndi ya kutsidya la nyanja, chifukwa ulendo wa ku Ulaya wopita ndi kubwera umapitirira mamilisekondi 150.

Palinso msampha womwe ogulitsa zipangizo sathamangira kuutchula. Data ya foni siituluka pansanja n'kulowa pa intaneti pomwepo. Imayamba yapita ku likulu la netiweki, komwe imawerengedwa n'kuchotseredwa pa bandulo yanu, ndipo makampani ambiri amakhala ndi malo oterowo amodzi kapena awiri okha, m'mizinda yawo ikuluikulu. Mukaika seva ku Katoto osasintha dongosolo limeneli, uthenga wochokera ku Mchengautuwa udzapita kaye kutali n'kubwereranso kuti ufike pa seva yomwe ili poyenda pansi. Kuti data izitulukira konkuno, kampani iyenera kubweretsa kumpoto gawo la likululo lomwe limadutsitsa data, limene mu 5G amalitcha UPF. Ndi ndalama zina zimenezo, za zipangizo ndi malaisensi, zolipidwa kasitomala woyamba asanafike.

Zomwe anthu a kuno angalipirire n'zina. Choyamba n'choti ntchito isaime chingwe chikaduka. Pa 12 May 2024 zingwe ziwiri za pansi pa nyanja, EASSy ndi Seacom, zinaduka, ndipo intaneti inavuta kuyambira ku Kenya mpaka kuno ku Malawi. Zimenezo n'zakamodzikamodzi. Zofala ndi chingwe cha pamtunda kudulidwa ndi okonza misewu, akuba kapena madzi okokolola. Chachiwiri ndi madola. Kwacha inatsika ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kutsikanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo aliyense wolipira seva ya kunja anaona bilu yake ikulumpha tsiku limodzi, kuphatikiza apo vuto lopeza madolawo ku banki. Chachitatu ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu la 2024, lomwe linapatsa MACRA udindo woyang'anira nkhaniyi ndipo limaika zoyenera kutsata munthu akafuna kutumiza uthenga wa anthu kunja kwa dziko. Njira iliyonse m'munsimu ndikuiyeza ndi zinthu zitatuzi.

Kusunga makanema pafupi

Iyi ndi njira yakale kuposa zonse, ndipo ndi yokhayo yomwe phindu lake silikayikitsa. Google, Meta, Netflix ndi Akamai amapereka maseva awo kwa makampani a intaneti, kawirikawiri osalipiritsa, kuti azisungiramo makanema ndi zithunzi zomwe anthu a dera limenelo akuonera kwambiri. Kampani ya foni imangopereka malo, magetsi ndi chingwe. Kanema wa zigoli za Super League kapena nyimbo yomwe yatchuka sabata ino amalowa m'dziko kamodzi, kenako anthu masauzande amamuonera kuchokera pa seva ya pafupi.

Palibe kasitomala amene adzalandire bilu ya ntchito imeneyi, ndipo n'chifukwa chake akuluakulu a malonda saikonda. Ndalama yake imaonekera ku mbali ya zomwe kampani sinawononge. Dziko lathu siligunda nyanja yamchere, choncho njira yopita ku zingwe za pansi pa nyanja timaigula kudzera ku Tanzania, ku Mozambique ndi mayiko ena oyandikana nafe, ndipo timalipira ndi ndalama zakunja. Gigabaiti iliyonse yomwe yachokera pa seva ya m'dziko muno ndi dola yomwe sinatuluke. Kuchokera apo kampani ikhoza kupanga mabandulo otchipa a makanema, makamaka a usiku pomwe netiweki imakhala ikungokhala, n'kupeza ndalama pa kuchuluka kwa ogula.

Nanga sevayo ikhale ku Mzuzu kapena ku Lilongwe? Madola amapulumuka ikangokhala m'dziko muno, paliponse. Kuibweretsa kumpoto kumayamba kupindula pamene chingwe chapakati pa Lilongwe ndi Mzuzu chayamba kudzaza madzulo, kapena pamene kampani ikuchita kubwereka chingwecho kwa ina. Eni masevawo nawonso amafuna kuona kuchuluka kwa data kwa mlingo wina asanavomere kutumiza bokosi lawo, ndipo kampani imodzi payokha mwina singaufike mlingowo ndi makasitomala a kumpoto okha. Makampani a intaneti anachitapo zogwirizana: malo osinthanirana data a Malawi Internet Exchange anakhazikitsidwa ku Blantyre mu 2008, pa sukulu ya madokotala. Malo oterowo kuno angapindulitse onse pamodzi, ngakhale palibe mmodzi angalemere nawo.

Kubwereketsa malo ndi maseva, bilu ya makwacha

Apa ndi pomwe ndikuona msika weniweni wa Mzuzu. Lowani m'maofesi ambiri m'tawuni muno mudzapeza kachipinda kokhoma, mkati muli seva imodzi, batire ya UPS yotopa ndi chokupizira mphepo. Mmenemo ndi momwe muli malipiro a antchito, ngongole za mamembala kapena zotsatira za mayeso. Kampani ya foni ili kale ndi zomwe kachipindako kalibe: jenereta, mabatire, makina oziziritsa, alonda ndi faiba. Ikhoza kugulitsa malo oti munthu aikepo seva yake, kapena kubwereketsa gawo la seva yake pamwezi.

Oyenera kuwagogodera si ambiri koma ndi odziwika. Pali yunivesite ya Mzuzu (Mzuni) ndi ya Livingstonia, Northern Region Water Board, khonsolo ya mzinda, Mzuzu Coffee, msika wa fodya wa AHL, ma SACCO, ndi mabungwe omwe si a boma omwe ali ndi maofesi a chigawo kuno. Koma kasitomala wonenepa kwambiri mwina sali ku Mzuzu n'komwe. Mabanki ndi makampani a inshuwalansi ali ndi malikulu ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo amafunika malo achiwiri osungirako zinthu zawo, akutali ndi oyambawo, kuti tsoka limodzi lisagwere onse. Namondwe wa Ana mu January 2022 ndi wa Freddy mu March 2023 anasakaza kummwera. Mzuzu ali makilomita oposa 600 kuchokera ku Blantyre, ali pamalo okwera mamita pafupifupi 1,250, ndipo kuzizira kwake komwe timadandaula nako mu June ndi July kumachepetsa bilu yoziziritsira makina. Pa ntchito yosunga makope a data, kutali kwathuku ndiye malonda.

Chenjezo likuchokera ku mbiri. Makampani a foni a kunja anayesapo kupikisana ndi Amazon pa cloud, ntchito yobwereketsa makompyuta kudzera pa intaneti, ndipo anagonja. Verizon ya ku America inagula kampani ya maseva ya Terremark mu 2011 ndi madola 1.4 biliyoni, koma pofika 2017 inali itagulitsa nyumba zake zambiri za maseva kwa Equinix n'kusiya mpikisanowo. Kampani ya foni singapange mapulogalamu mazanamazana omwe Amazon kapena Microsoft amapereka. Chomwe ingagulitse ndi zinthu zochepa zosavuta: seva yobwereka, malo osungira makope, bilu ya makwacha yolipira ku banki ya pakona, ndi munthu woyankha foni m'Chichewa kapena m'Chitumbuka zinthu zikavuta Loweruka usiku. Ikumbukirenso kuti boma linatsegula nyumba yake ya maseva ku Blantyre mu 2022, choncho ntchito zambiri za maunduna zili kale ndi kwawo.

Vuto lalikulu la njirayi ndi lomwe lija limaichititsa kukoma. Kasitomala akuthawa madola, koma madolawo sanathe, angosamukira kwa mwini seva. Seva imagwira bwino ntchito zaka zisanu kapena kuposerapo pang'ono, kenako imafuna ina, yogulidwanso kunja. Kampani yosaina mgwirizano wa zaka zitatu pa mtengo wosasintha wa makwacha ikhoza kudzapezeka kuti ndalama zonse zomwe yatolera sizikukwana kugula makina olowa m'malo. Mgwirizano uyenera kukhala ndi ndime yowunikanso mtengo kwacha ikagwa, ndipo wogula auzidwe zimenezi poyera tsiku loyamba.

Kulowa m'khwapa mwa akuluakulu a cloud

Mu December 2019 Amazon inalengeza AWS Wavelength, njira yoika makina ake m'kati mwa netiweki ya makampani a foni, ndipo oyamba anali Verizon, Vodafone, KDDI ndi SK Telecom. Mu 2024 inalengeza kuti ichita chimodzimodzi ndi Orange ku Morocco komanso Sonatel ku Senegal. Kwa kampani ya foni, ubwino wake ndi woti siivutika kupanga chilichonse. Kuipa kwake n'koti kasitomala ndi wa Amazon, bilu imachokera ku Amazon, ndipo mwini netiweki amangotsala ndi lendi ya malo ndi malipiro a chingwe.

Kwa ife funsoli silinafike n'komwe. Microsoft inatsegula nyumba zake za cloud ku South Africa mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020, Google ku Johannesburg mu 2024. Pamzere wa mizinda yomwe akuiganizira, Lagos ndi Nairobi ali patsogolo, Lilongwe ali kumbuyo kwambiri, ndipo Mzuzu sakuoneka. Nawo makampani a za mafoni omwe anayesa kudzipangira ntchito za edge zawozawo kuti asadalire akuluakuluwa sanapite patali: Ericsson inatseka Edge Gravity mu 2020, ndipo MobiledgeX, yomwe Deutsche Telekom inayambitsa mu 2018, inagulidwa ndi Google mu 2022. Chotheka lero ndi kugulitsa ntchito za makampaniwa ngati wothandizira, phindu lake n'lochepa ndipo bilu yake ikadali ya madola.

Netiweki yapadera ku migodi, m'maesiteti ndi pachipata

Njira iyi ndiyo imagwirizana kwambiri ndi zomwe edge inapangidwira, ndipo kumpoto kuno kuli malo oyenera. Ganizirani mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga, mgodi wa malasha wa Mchenga ku Rumphi, fakitale ya matabwa ya Raiply ku Chikangawa, tiyi wa ku Kawalazi ndi mphira wa ku Vizara ku Nkhata Bay, chipata cha Songwe, ndi madoko a Chilumba ndi Nkhata Bay. Onsewa ndi malo aakulu, ambiri ali kutali ndi tawuni, ndipo ali ndi katundu wofunika kumuyang'anira. Kampani ya foni imaika nsanja yaing'ono yotumikira malowo okha, pamodzi ndi seva pabwalo pomwepo, ndipo data yonse imazungulira mkati osatuluka.

Chifukwa chake chimaoneka bwino pa makamera. Kamera imodzi yojambula bwino imatumiza mamegabiti 2 mpaka 4 pa sekondi. Pa mlingo wapamwambawo, ndi magigabaiti pafupifupi 43 pa tsiku, kamera imodzi yokha. Makamera 50 ndiye kuti mamegabiti 200 osalekeza, okwera kupita kunja, njira yomwe pa netiweki iliyonse ya foni imakhala yopapatiza. Kutumiza zonsezo ku Johannesburg kuti kompyuta ikaone ngati munthu walowa malo oletsedwa ndi kutaya ndalama. Seva ya pamalopo imaona zithunzizo yokha n'kungotumiza uthenga waufupi kwa mkulu wa alonda, ndipo imapitiriza kutero ngakhale chingwe cha ku Chiweta chitaduka. Momwemonso ndi sikelo ya malole, zipangizo zoyeza mpweya pansi pa mgodi, kapena makamera oona utsi m'nkhalango ya Viphya, komwe moto wolusa wakhala ukuwononga mitengo chaka ndi chaka.

Ndalama zake n'zabwino chifukwa mgwirizano umakhala wa zaka zingapo, ndipo ena mwa makasitomalawa amagulitsa katundu wawo kunja, moti mtengo womangidwa ku dola suwadabwitsa. Ndi njira yokhayo pa zonsezi yomwe ndalama zolowa ndi zotuluka zingakhale za mtundu umodzi.

Komabe makasitomala ake ndi owerengeka pa zala, ndipo mmodzi akatseka, palibe wina woti n'kumugulitsa nsanja yomwe ili pakati pa phiri. Kayelekera inatsegulidwa mu 2009, inaima mu 2014 mtengo wa uranium utagwa, ndipo inakhala chiimire mpaka 2025 pomwe eni ake atsopano, Lotus Resources, anayambiranso. Amene akanamanga netiweki kumeneko mu 2012 poyembekezera zaka khumi akanalira. Mpikisano nawo ulipo. Intaneti ya pa setilaiti ya Starlink inafika m'dziko muno mu 2023, ndipo bwana wa esiteti akhoza kugula mbale yake, kuika Wi-Fi ndi kulemba mnyamata wodziwa makompyuta, zinthu n'kuyenda ndithu pa mtengo wotsika. Kampani ya foni imapambana pokhapo pamene malowo ndi aakulu moti Wi-Fi singafike, kapena pali magalimoto ndi makina oyendayenda. Mphamvu yake ina ndi masipekitiramu, mafunde a wailesi omwe MACRA inaipatsa, koma zimenezo ndi malamulo chabe ndipo amasintha: ku Germany, mu 2019, boma linapatula gawo la 3.7 mpaka 3.8 GHz kuti mafakitale azidzitengera okha, osadzera kwa kampani ya foni.

Kugulitsa ntchito yathunthu

Mwini sitolo ya hadiweya m'tawuni safuna kumva za seva. Akufuna kuona pafoni yake zomwe zikuchitika m'sitolo usiku, ndipo zithunzizo zisungidwe kwina kuti wakuba akanyamula bokosi lojambulira umboni usapite naye. Zimenezo akhoza kulipira pamwezi kudzera pa Mpamba kapena Airtel Money. Phindu pa kasitomala aliyense limakhala lalikulu kuposa kugulitsa data wamba, chifukwa munthu akulipirira mtendere wake, sakuwerenga magigabaiti.

Zipatala zathu zinayamba kale kugwira ntchito m'njira imeneyi dzina lake lisanatchuke. Baobab Health Trust inayamba kuika makompyuta ogwira ndi chala m'zipatala kumayambiriro a zaka za m'ma 2000, seva ili pachipatala pomwepo, chifukwa intaneti inali yosadalirika. Chomwe kampani ya foni ingawonjezere ndi kusamalira maseva oterowo, kusunga makope ake ku Mzuzu, ndi kulumikiza zipatala zazing'ono za m'maboma ndi chipatala chachikulu cha ku Luwinga, kuti chithunzi cha X-ray chojambulidwa ku Chitipa chiwerengedwe ndi katswiri kuno wodwala asanakwezedwe ambulansi. Ku masukulu n'chimodzimodzi. Mzuni ili ndi ophunzira ambiri a patali, ndipo makanema a maphunziro atasungidwa pa seva ya m'netiweki, kampani ikhoza kuwagulitsa ndi bandulo yotchipa kwambiri popeza data yake siituluka m'dziko.

Zovuta zake ndi ziwiri. Makampani a foni sadziwa kulemba mapulogalamu a chipatala kapena a sukulu, ndipo akayesa okha amachedwa. Ayenera kugwirizana ndi ena n'kugawana phindu, ndipo anthu oterowo alipo: chaka chilichonse Mzuni imatulutsa achinyamata a ICT, ena amasonkhana ku Mzuzu E-Hub, ambiri amathera ku Lilongwe posowa chochita kuno. Chovuta chachiwiri ndi wolipira. Zipatala ndi masukulu a boma amadalira bajeti yomwe imabwera mochedwa, kapena thandizo la mabungwe akunja lomwe limatha pulojekiti ikatha. Pa makamera pali nkhani inanso: kampani yosunga nkhope za anthu odutsa pamsika ikudzitengera udindo pansi pa lamulo la 2024 lija, ndipo isalowemo chimbulimbuli.

Ziwiri zongodutsapo

Mu February 2023 bungwe la makampani a foni la GSMA linayambitsa Open Gateway, njira yoti mabanki ndi opanga mapulogalamu azifunsa netiweki mafunso n'kulipira pa funso lililonse. Lotchuka ndi lakuti: kodi simu ya nambala iyi yasinthidwa posachedwa? Ku South Africa, MTN, Cell C ndi Telkom anayamba kugulitsa ntchitoyi mu 2024. M'dziko lomwe aliyense analandirapo uthenga wakuti “ndalama ija mutumize pa nambala iyi”, chida chothandiza banki kugwira akamberembere chili ndi msika. Koma sichifuna seva iliyonse ku Mzuzu, moti asakunamizeni kuti ndi chifukwa chomangira nyumba ya makina kuno.

Kenako pali zija za m'misonkhano: masewera a pa intaneti osafuna kompyuta yamphamvu, magalasi oonetsa dziko lopeka, magalimoto odziyendetsa. Google yeniyeniyo inatseka Stadia, ntchito yake ya masewera oterowo, mu January 2023 posowa ogula okwanira, m'mayiko olemera. Kuno, komwe TNM inangoyamba kuyesa 5G mu 2023 ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo anthu ambiri m'midzi akadali ndi foni za mabatani, si nkhani yoti n'kuitayira ndalama.

Magetsi, nsanja ndi anthu

Njira zonsezi zimakumana pa bilu imodzi. Kabati imodzi ya maseva yodya makilowati 5 imamaliza mayunitsi 120 pa tsiku, 3,600 pa mwezi, tisanawerengere makina oziziritsa. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo ife tili kunsonga kwa mzere wautali. Siteshoni ya Wovwe ku Karonga ndi yaing'ono, ya mamegawati osafika 5. Namondwe wa Ana atawononga Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Magetsi akazima seva imadalira dizilo, ndipo tonse tikudziwa mizere ya pamalo omwetsera mafuta. Sola ndi mabatire zimathandiza, koma mitambo ya Mzuzu si ya ku Nsanje, ndipo mabatire nawo ndi madola.

Maloto oika seva patsinde pa nsanja iliyonse amagwa pa chifukwa china. Si nsanja zonse zomwe zili za makampani a foni. Mu 2022 Helios Towers inagula nsanja 723 za Airtel m'dziko muno, moti bokosi lililonse lowonjezera pamalopo ndi nkhani ya lendi ndi magetsi kwa mwini malo. Onjezani kuti seva ikafa ku Nthalire pamafunika galimoto, mafuta ndi tsiku lathunthu. Chipinda chimodzi chabwino m'tawuni muno chimaposa mabokosi makumi asanu omwazikana.

Ndikanakhala pa mpando wogamula, ndikanayamba ndi maseva osunga makanema, chifukwa amadzilipira okha popanda kusaka kasitomala. Pambali pake, m'chipinda chomwecho, ndikanaika makabati ochepa obwereketsa, koma pokhapokha banki imodzi kapena bungwe limodzi lalikulu litasaina kale mgwirizano wa zaka zingapo wokwanira kulipira magetsi ndi mlonda. Netiweki zapadera ndikanazitenga imodzi imodzi, kasitomala atalipira gawo lalikulu la zipangizo poyamba. Ntchito zathunthu zikanabwera pamwamba pa zimenezi, kudzera mwa achinyamata ogwirizana nawo. Za Amazon ndikanangosiya khomo lotsegula.

Kwa inu amene muli mbali yogula, wamalonda akadzabwera ku ofesi kwanu ndi timapepala ta edge, mufunseni kuti sevayo ili mumsewu uti, ndipo mupite mukaione. Mufunseni ngati data ya foni za antchito anu idzafika pa sevayo osadzera kaye kummwera. Mufunseni kuti m'chipindamo mumalowa zingwe zingati, ndipo zimadutsa kuti, chifukwa zingwe ziwiri za makampani awiri zoyalidwa m'ngalande imodzi m'mbali mwa M1 zimadulidwa ndi katapila mmodzi. Chofunika ndi njira ziwiri zosiyana, ina yolowera ku Lilongwe, ina yolowera ku Songwe. Ndipo akuuzeni, polemba, kuti thanki ya jenereta imasunga dizilo wa masiku angati, komanso kuti akalephera kusunga lonjezo lawo adzakuchotserani zingati pa bilu ya mwezi umenewo.